ColBase: Nkhokwe Yaulere ya Zojambula za Mbalame ndi Mitengo za ku Japan

ColBase ndi nkhokwe ya pa intaneti imene inatsegulidwa mu 2017 ndi bungwe loyang'anira nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zakale za dziko la Japan, ndipo imasonkhanitsa pamalo amodzi zithunzi ndi mbiri ya zinthu zimene zimasungidwa m'mamyuziyamu a boma a ku Tokyo, Kyoto, Nara ndi Kyushu. M'nkhokwemu muli malupanga, ziboliboli za Buddha, zovala, mbiya ndi zolembedwa zakale, koma ndemanga ino ikuyang'ana mbali imodzi yokha, imene ndi zojambula za mbalame, maluwa ndi mitengo, zomwe Ajapani amazitchula kuti kachōga. Maganizo anga ndi akuti nkhokweyi imagwira ntchito yotamandika poonetsa zojambulazi, koma imasiyira woonera ntchito yaikulu yozimvetsa, pakuti mbalame ndi mitengo imene ili mmenemo sinajambulidwe chifukwa cha kukongola kokha ayi. Mbalame iliyonse inaikidwa pa mtengo wake, m'nyengo yake, kuti inene kanthu kwa mwini nyumba ndi alendo ake.

Zimene nkhokweyi imapereka n'zosavuta kufotokoza. Palibe kulipira, palibe kulembetsa dzina, ndipo tsambalo limawerengeka m'Chijapani, Chingerezi, Chitchaina ndi Chikoreya. Munthu amalemba dzina la wojambula kapena la mbalame, n'kulandira mndandanda wa zojambula pamodzi ndi nthawi imene zinajambulidwa, zipangizo zimene anagwiritsa ntchito, kukula kwake ndiponso myuziyamu imene ikuzisunga. Zithunzi zambiri zimatheka kuzitsitsa ndi kuzigwiritsa ntchito popanda kupempha chilolezo, ngakhale pa malonda, malinga ngati watchula kumene wazitenga. Ufulu umenewu ndi waukulu kuposa mmene umaonekera, chifukwa zojambula za papepala ndi pa silika zimawonongeka ndi kuwala, choncho mamyuziyamu amazitulutsa kwa milungu yochepa chabe pa chaka. Munthu atha kupita yekha ku myuziyamu ya ku Tokyo, m'paki ya Ueno, n'kupeza kuti chojambula chimene anadzera chili m'chipinda chosungiramo mpaka chaka chamawa.

Malo abwino oyambira ndi zotchinga zopindika za mbalame ndi maluwa a nyengo zinayi zimene zili ku Kyoto, zodziwika ndi dzina la Sesshū, wansembe wa chipembedzo cha Zen amene anabadwa mu 1420 ndipo anakaphunzira luso lake ku China. Zotchinga zoterezi, zotchedwa byōbu, zimabwera ziwiriziwiri, ndipo zimawerengedwa kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere monga mmene malembo akale a ku Japan amawerengedwera. Chaka chimayambira kumanja n'kukathera kumanzere. Pa chotchinga chakumanja pali mtengo wa paini wopindikapindika ndi mbalame zotchedwa tsuru, zazitali miyendo ndi khosi ngati dokowe, zoyera thupi, zokhala ndi kadontho kofiira pamutu, ndipo pa chakumanzere pali chipale chofewa chitakuta nthambi za mtengo wa ume, wa gulu la mapichesi. Woonera amene sakudziwa dongosolo limeneli amayamba kumanzere, n'kumaona nyengo zikuyenda chobwerera, ndipo palibe chimene chimamuchenjeza. Ndikanakonda kuti mfundo yaing'onoyi ikhale pamalo oonekera pa chotchinga chilichonse, chifukwa ndi imene imatsegula zina zonse.

Kukhalira pamodzi kwa tsuru ndi paini si ngozi. Mwambi wakale wa ku Japan umati tsuru amakhala zaka 1,000 ndipo kamba amakhala zaka 10,000, pamene paini ndi mtengo umene masamba ake safota ngakhale kuzizire chotani. Wojambula akaika ziwirizi pamodzi amakhala akufunira mwini nyumba moyo wautali, ndipo n'chifukwa chake zimaoneka pa zovala za ukwati, pa mphatso ndi pa zokongoletsa za Chaka Chatsopano. Chochititsa chidwi n'chakuti tsuru weniweni, amene masiku ano amapezeka kwambiri m'madambo a Kushiro pachilumba cha Hokkaido, amamanga chisa chake pansi, pakati pa bango, ndipo satera m'mitengo. Pamene chojambula chikuonetsa tsuru ataima pa nthambi ya paini, ndiye kuti wojambulayo akutsata tanthauzo, osati zimene maso ake anaona m'dambo. Mbalameyi inatsala pang'ono kutha ku Japan, mpaka anthu ankaganiza kuti kulibenso, kufikira mu 1924 pamene kagulu kakang'ono kanapezeka ku Kushiro. Chizindikiro cha moyo wautali chinali pafupi kufa chikadali chodzaza m'zojambula za m'nyumba za anthu.

Munthu akazindikira kuti mbalame ndi mitengo zimayenda ziwiriziwiri, ColBase imasanduka chida champhamvu, chifukwa kufufuza mbalame imodzi kumabweretsa zojambula za zaka mazana osiyanasiyana, ndipo mnzake wa mbalameyo amaonekera mobwerezabwereza mpaka woonera atamuloweza. Kambalame koimba kotchedwa uguisu kamakhala pa mtengo wa ume, umene umachita maluwa chipale chisanasungunuke, ndipo ziwirizi zimalengeza kuti nyengo yophukira yayandikira. Namzeze amauluka pakati pa nthambi za msondodzi. Mpheta zimakhala pa nsungwi. Zinziri zimatola mapira m'nyengo imene masamba amayoyoka, ndipo atsekwe am'tchire amatsikira pa bango m'nyengo yomweyo. Kakowa woyera amaima pa msondodzi wokutidwa ndi chipale. Paini, nsungwi ndi ume zikakhala pamodzi zimatchedwa shōchikubai, ndipo lingalirolo linachokera ku China kumene mitengo itatuyi inkadziwika kuti ndi mabwenzi atatu a nyengo yozizira, fanizo la munthu amene sataya khalidwe lake pa nthawi yovuta. Ku Japan zitatuzi zinadzakhala chizindikiro cha mwayi ndi chisangalalo, moti tanthauzo la kupirira linaphimbika pang'ono ndi la chikondwerero.

Kugwirizana kwa chojambula ndi nyengo kunali nkhani ya ulemu m'nyumba. M'chipinda cholandiriramo alendo munkakhala kamalo kolowa mkati mwa khoma kotchedwa tokonoma, pamene ankapachikapo mpukutu umodzi wa chojambula, ndipo mpukutuwo unkasinthidwa malinga ndi nyengo kapena mwambo wa tsikulo. Kupachika atsekwe pamene ume akuchita maluwa kukanakhala kusonyeza kuti mwini nyumba salabadira alendo ake. Pamenepa ndi pamene ndikuona kuti nkhokweyi ikanatha kuchita zambiri. Mndandanda wake umasanja zinthu potsata wojambula, nthawi ndi mtundu wa chinthu, zimene n'zoyenera kwa wofufuza wa kusukulu ya ukachenjede, koma anthu amene ankakhala ndi zojambulazi ankazisanja m'maganizo mwawo potsata miyezi ya chaka. Zojambula zotchuka zimakhala ndi ndime yofotokoza, koma zambiri zosatchuka zili ndi mutu, dzina ndi muyeso basi, ndipo kawirikawiri mawu a m'Chijapani amakhala ochuluka kuposa a m'zinenero zinazo.

Chojambula chimene chimaonetsa bwino ubwino wa kutha kukulitsa chithunzi ndi cha mtengo wa hinoki, wa gulu la mikungudza, cha Kanō Eitoku, amene anakhala ndi moyo kuyambira mu 1543 mpaka mu 1590. Thunthu lalikulu likutuluka pansi n'kudutsa m'mphepete mwa pamwamba ngati kuti chotchinga sichikulikwana, nthambi zake zikutambasuka mwaukali pa mitambo ya golide ndi madzi obiriwira moderako. Mulibe mbalame ngakhale imodzi. Eitoku ankajambulira olamulira ankhondo Oda Nobunaga ndi Toyotomi Hideyoshi, ndipo mtengo woterewu unkanena za mphamvu ya mwini nyumba popanda kulemba liwu lililonse. Poyamba chojambulachi chinali pa zitseko zokankha za nyumba ya kalonga wa banja la Hachijō imene inamalizidwa mu 1590, kenako chinamatulidwa n'kusandutsidwa chotchinga cha zigawo 8, ndipo pa ntchito yochikonza imene inatha mu 2014 anachigawa kukhala zotchinga ziwiri za zigawo zinayi chilichonse. Ukakulitsa chithunzicho umaona zipsera pamalo pamene panali zogwirira za zitseko zija. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhokweyi imapatsa munthu mpata wodekha umene chigulu cha anthu m'chipinda cha myuziyamu sichimapereka.

Ojambula a banja la Kanō ankakondanso kuika kabawi pa nthambi ya paini m'nyumba za akuluakulu ankhondo. Kusaka nyama pogwiritsa ntchito mbalame zolusa kunali masewera a olamulira, ndipo Tokugawa Ieyasu, wolamulira wankhondo amene anabwera pambuyo pa Hideyoshi, ankawakonda kwambiri, choncho mlendo wolowa m'chipinda n'kuona maso a kabawi akumuyang'ana kuchokera pa paini wamkulu ankamvetsa kuti wafika kwa yani. Paini yemweyo amene pafupi ndi tsuru amanena za moyo wautali, pansi pa kabawi amanena za ulamuliro wosagwedezeka. N'chifukwa chake sindikhulupirira mindandanda yachidule imene imapatsa mtengo uliwonse tanthauzo limodzi lokha. Tanthauzo limadalira chimene chaima pa mtengowo, chipinda chimene chojambulacho chinali, ndi amene analipira wojambulayo.

Zimenezi zimaoneka kwambiri pa mitengo ya paini ya Hasegawa Tōhaku, amene anabadwa mu 1539 ku Nanao pachigawo cha Noto ndipo anamwalira mu 1610. Zotchinga ziwiri za mitengoyi, chilichonse chotalika pafupifupi masentimita 157 ndi chotambalala mamita oposa atatu ndi theka, zinajambulidwa ndi inki yakuda yokha papepala, ndipo zili m'gulu la zinthu zimene boma la Japan limazitcha Chuma cha Dziko. Mitengo ina ndi yakuda bii, ina ikuzimiririka m'nkhungu, ndipo gawo lalikulu la pepalalo silinakhudzidwe ndi burashi. Tōhaku anali wopikisana ndi banja la Kanō, ndipo anajambula zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, m'nthawi yomweyo imene golide anali paliponse. Mwana wake Kyūzō, amene anali wojambula waluso, anamwalira mu 1593, ndipo anthu ambiri amaona chisoni cha bambo m'nkhunguyo. Ine ndimaona kuti kunena kuti paini ameneyu akuimira moyo wautali n'kuchepetsa chojambulacho, pakuti mitengoyi ikuoneka ngati ingathe kusowa nthawi ina iliyonse. Ukakulitsa chithunzi umapeza kuti masamba amene patali amaoneka odekha analembedwa mothamanga ndiponso mwamphamvu, ndi burashi yokhakhala, ndipo kusiyana kwa patali ndi pafupi kumeneku ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene munthu angaphunzire pa sikirini.

Komabe chojambula chomwechi chimaonetsanso malire a nkhokwe iliyonse ya pa intaneti. Chotchinga chopindika sichinapangidwe kuti chikhale chafulati. Chimaima pansi mokhotakhota, zigawo zina zikubwera kutsogolo zina zikubwerera, ndipo woonera ankakhala pansi pa mphasa za tatami, maso ake ali m'munsi, m'kuwala kofooka kwa kandulo kapena kwa dzuwa lodutsa pa zitseko za pepala. Mitengo ya Tōhaku imayenda pamene munthu akudutsa patsogolo pake, ndipo golide wa Eitoku amasintha maonekedwe malinga ndi kumene kuwala kukuchokera. Chithunzi cha pa kompyuta chimatambasula zonsezi n'kuziwalitsa mofanana kuyambira mbali ina kufika ina, ndipo pa foni chotchinga cha mamita atatu ndi theka chimafanana kukula ndi sitampa ya positi. Uku si kulakwa kwa amene anakonza ColBase, koma wogwiritsa ntchito ayenera kuwerenga muyeso umene walembedwa pansi pa chithunzi ndi kuuyerekezera ndi khoma la chipinda chimene ali, apo ayi adzaganiza kuti waona chinthu chimene sanachione. Sikirini yaikulu imathandiza kwambiri, ngakhale kuti zithunzi zazikulu zimadya deta.

Mpukutu wautali wa tsuru umene uli ku Kyoto, umene Tawaraya Sōtatsu anajambula ndipo Hon'ami Kōetsu analembapo ndakatulo za alakatuli 36 akale, umakwana bwino pa sikirini kuposa zotchinga, chifukwa unapangidwa kuti uzifunyululidwa pang'onopang'ono. Ndi wautali mamita oposa 13, ndipo mbalame zoposa 100 zojambulidwa ndi siliva ndi golide zimaima m'mbali mwa nyanja, kunyamuka, kukwera pamwamba pa mafunde, kenako n'kuteranso. Munthu akamausuntha kuchokera kumanja kupita kumanzere amayandikira kwambiri mmene mwini wake woyamba ankauonera ali nawo m'manja, zimene ngakhale myuziyamu singathe kupereka pamene mpukutuwo wagonekedwa m'galasi.

Za Utagawa Hiroshige, amene anabadwa mu 1797 n'kumwalira mu 1858, ndinena mwachidule. Zosindikiza zake za pamatabwa zinatengera chinenero cha mbalame ndi mitengo kwa anthu wamba a mumzinda wa Edo (Tokyo wa masiku ano), amene sakanatha kugula chotchinga cha golide. Chithunzi chake chopapatiza cha atsekwe atatu akutsika modutsa mwezi wathunthu chinatchuka kwambiri moti mu 1949 chinaikidwa pa sitampa ya positi. Atsekwe amafika ku Japan kuchokera kumpoto m'nyengo yoyoyoka masamba, ndipo kuchokera pa nkhani yakale ya ku China ya Su Wu, kazembe wa ufumu wa Han amene anagwidwa ukapolo kudziko lachilendo ndipo kunanenedwa kuti tsekwe ananyamula kalata yake, mbalamezi zimakumbutsa za kalata yochokera kwa munthu amene ali kutali.

Pamene ndimakhalitsa kwambiri ndi pa mipukutu 30 ya Itō Jakuchū yotchedwa Dōshoku sai-e, imene imasungidwa ku Sannomaru Shōzōkan, myuziyamu ya zinthu zochokera ku banja lachifumu, yomwe inalowa pansi pa bungwe lomweli mu 2023. Jakuchū anabadwa mu 1716 m'banja logulitsa ndiwo zamasamba mopikulitsa pamsika wa Nishiki ku Kyoto, anasiyira mng'ono wake bizinesiyo ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo anatha zaka pafupifupi 10 akujambula mipukutuyi, imene anaipereka ku kachisi wa Shōkokuji. Mu 1889 kachisiyo anaipereka ku banja lachifumu n'kulandira mayeni (ndalama za ku Japan) 10,000, ndipo mu 2021 inalengezedwa kukhala Chuma cha Dziko. Jakuchū ankaweta nkhuku pabwalo pake kuti aziziyang'anitsitsa, ndipo mpukutu wake wa nkhuku 13 zopanikizana umaonetsa nthenga iliyonse payokhapayokha. Ankapakanso utoto kuseri kwa silika kuti mtunduwo uziwala kudzera mu nsaluyo, ndipo kuyera kwa nthenga za mbalame yake ya m'nthano yotchedwa hōō, imene yaima pa paini wokalamba, kumaoneka ngati ulusi wolukidwa pamwamba pa golide ukachikulitsa. Mbalame ya hōō, malinga ndi chikhulupiriro chochokera ku China, imaoneka pokhapokha pamene dziko lili ndi wolamulira wolungama, ndipo mtengo wake wanthawi zonse ku Japan ndi kiri, womwe masamba ndi maluwa ake ali pa chizindikiro cha boma ndi pa ndalama yachitsulo ya mayeni 500.

Chimene chimandikhudza mwa Jakuchū n'chakuti ankadziwa bwino malamulo a zizindikirozi, koma sankawamvera nthawi zonse. Abakha okongola otchedwa oshidori amajambulidwa pafupifupi nthawi zonse atayandikana, wamwamuna ndi wamkazi, monga fanizo la banja logwirizana. Mu mpukutu wake wa abakhawa m'chipale, wamwamuna waima yekha pamwala pamene wamkazi walowetsa mutu m'madzi, ndipo nthambi zolemedwa ndi chipale zikulendewera pamwamba pawo. Munthu amene sakudziwa mwambo wa abakha ogwirizana amangoona mbalame ziwiri zokongola, pamene wodziwa mwambowo amaona kuti wojambulayo wazilekanitsa dala. Phindu la kuphunzira zizindikiro lili pamenepa, pakuti zimathandiza kuona pamene wojambula wasiya njira ya onse n'kunena zake. Nkhokweyi imapangitsa kuyerekezera kotereku kukhala kosavuta, chifukwa munthu atha kutsegula zojambula zingapo za oshidori za anthu ena n'kuziika pambali pa cha Jakuchū.

Wowerenga adziwenso kuti ColBase si Japan yense. Zojambula zimene zili m'manja mwa akachisi ndi mamyuziyamu omwe si a boma sizipezekamo. Mitengo ya ume yofiira ndi yoyera ya Ogata Kōrin ili ku MOA Museum of Art mumzinda wa Atami, paini wa m'chipale wa Maruyama Ōkyo ali ku Mitsui Memorial Museum ku Tokyo, ndipo zojambula zambiri za banja la Kanō zidakali za nyumba yachifumu ya Nijō ndi akachisi a ku Kyoto. Amene angaphunzire kuchokera m'nkhokweyi yokha adzakhala ndi mipata ikuluikulu m'chidziwitso chake. Mbali inayi, bungwe lomweli lili ndi tsamba lina lotchedwa e-Museum, limene limaonetsa zinthu zolemekezeka kwambiri zokha, zithunzi zake zikukulitsika mozama ndiponso zili ndi mafotokozedwe otalikirapo, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito awiriwa pamodzi: ColBase pofufuza ndi kuyerekezera, e-Museum poyang'anitsitsa chojambula chimodzi.

Ndikuilimbikitsa nkhokweyi ndi mtima wonse kwa aphunzitsi a luso, ophunzira kujambula, opanga mapatani a nsalu ndi aliyense wokonda mbalame, malinga ngati ali wokonzeka kuwerenga pambali za nyengo ndi ndakatulo za ku Japan. Kwa amene akufuna kutsitsa zithunzi kuti azisindikize kapena kuzigwiritsa ntchito pa zinthu zawo, ndikupempha chinthu chimodzi. Malamulo a tsambalo amalola kudula ndi kusintha chithunzi malinga ngati wanena kuti wachisintha, koma kudula tsuru kumuchotsa pa paini wake, kapena kutenga chotchinga chakumanzere n'kusiya chakumanja, kumachotsa theka la zimene wojambula ananena. Ngati malo ndi ochepa, ndi bwino kusankha mpukutu wopachika kapena chosindikiza cha Hiroshige, zimene zimakwana zathunthu pa tsamba limodzi, n'kulemba pansi pake dzina la mbalame, la mtengo ndi la nyengo pamodzi ndi dzina la myuziyamu imene ikuchisunga.